Batire la Zaka Zisanu ndi Ziwiri

“Batire limeneli,” anatero a Vitorino akusisita boneti ya galimoto yawo ya karinya ngati msana wa ng'ombe, “chaka chino likukwanitsa zaka zisanu ndi ziwiri. Anzanga amagula lero, dzinja likubwerali ataya. Vuto si batire ayi. Vuto ndi mwini wake.”

Ankauza asodzi amene anabwera kudzatchajitsa mafoni. Akazi awo, a Hermínia, anali kuseri kwa nyumba akusenda chinangwa, ndipo anamva zonse. Anangowongola phewa lawo lamanja, lomwe kwa zaka ziwiri tsopano ndilo linkaliza galimotoyo.

Pa zaka a Vitorino sananame. Batirelo linabwera ndi karinya yomweyo tsiku limene anaigula ku Entre Lagos. Wogulitsa anawachenjeza kuti kuno kotentha batire limakhala zaka ziwiri, mwina zitatu ngati mwini wake sakulitheratu moto, akuyenda maulendo ataliatali kuti lizidzaza, akulimanga zolimba, ndiponso akulithira madzi ake a m'botolo. A Vitorino anavomera ndi mutu. Anawaona kuti ndi malangizo abwino kwa anthu wamba.

Galimoto inkayenda kamodzi kapena kawiri pamwezi, koma batire silinkadziwa tchuthi. M'mawa ankalizula n'kuliika pakhonde, mawaya a mafoni atalizinga ngati ana a nkhumba pa mawere. Loweruka linkapita kukaliza zimkuzamawu ku ukwati mpaka nyimbo zitayamba kukoka mawu ngati woledzera. Likabwerako ankalilumikiza ku kasola kakang'ono ngati lichero, n'kunena kuti likudya. Madzi akatsika ankathiramo a pachitsime. “Ife tonse timamwa omwewa, ndani wafa?” Chomangira chinaduka kalekale, moti pamsewu wa ku vila, tauni ya boma, batire linkavina lokha m'boneti. Pamitu pake panamera ufa woyera wonga chuku, umene a Vitorino ankautcha imvi.

Galimoto ankaiimika pamwamba pa chulu chakale, mphuno italoza kutsetsereko. Ati imakonda kamphepo. Pofuna kunyamuka a Hermínia ankangokankha pang'ono, iyo n'kutsetsereka, n'kutsokomola, n'kulira. Mudzi wonse unkaona zimenezi, koma mudziwo unali ndi galimoto imodzi yokha, ndipo munthu sanyoza bwato ali pakati pa madzi.

Rahimu anali msodzi wa pa nyanja ya Chiuta, wosalankhulalankhula. Mkazi wake Anisa anali ndi pakati pachiwiri. Mwana woyamba anabadwa ndi mpeni, ndipo anamwino anamuuza Rahimu maso ndi maso kuti matenda akadzangoyamba asadzayese za kunyumba, adzathamangire ku chipatala chachikulu ku vila. Ndalama zogona m'thumba Rahimu analibe. Anachita zimene asodzi a kuno amachita: analipiriratu ulendo ndi nsomba. Lachisanu lililonse, pochokera ku mzikiti, ankasiya mpani wa makumba pakhonde la a Vitorino.

“Anthu awiri, wodwala ndi womudikirira,” anatero Rahimu tsiku lopangana, akuwatchula kuti patarawu, kutanthauza bwana. “Koma patarawu, idzalira?”

“Mphwanga, ukufunsa ngati tambala adzalira?”

Miyezi inapita, makumba anadyedwa. A Vitorino ankanena kuti a ku Malawi, kumene anakulira pothawa nkhondo, anali onona kuposa awa, koma sankasiya ngakhale mutu.

Tsikulo linafika mu Febuluwale, mvula itagwa masiku angapo osapumira. Dzuwa litangotuluka Rahimu anafika akuthamanga, matope mpaka m'mawondo.

“A Vitorino, yakwana nthawi. Wayamba kutaya magazi.”

A Vitorino analowa m'nyumba n'kutuluka atavala jekete. Anachotsa mafoni amene anagonera pa batire, n'kulibwezera m'boneti. Anakhala pampando, anakonza kalilole, anapotokola kiyi. Galimoto inati *tcha*, ngati munthu wathyola kamtengo. Anapotokolanso. Ulendo uno sinanene n'komwe.

“Mayi a Ivone, tagwirani kumbuyoko,” anauza akazi awo.

A Hermínia ndi Rahimu anakankha. Karinya inatsika chulu mwaulemu, inafika pansi, matayala n'kulowa m'thope mpaka theka. Pamenepo inaima. Amuna anayi amene anabwera atamva phokoso anayesa kuikankha, koma kuti injini igwire pamafunika liwiro, ndipo thope la ku Chiuta silipereka liwiro kwa aliyense.

A Shehe Amisi, amene ankadutsa kuchokera ku mapemphero a swala ya m'mawa, anaima n'kuona.

“A Vitorino, ku mzikiti kuli batire la chimkuzamawu. Tagula chaka chathachi. Atenge anyamatawa?”

Pabwalo panali anthu ambiri tsopano, ndipo ena mwa iwo anali asodzi aja a mafoni.

“Zikomo a Shehe, koma galimoto iyi sidziwa batire lachilendo. Mungandiotchere mawaya. Ili langozizidwa ndi mvulayi basi. Lione dzuwa pang'ono, muona.”

Analizulanso n'kuliika pa mtondo wovundikira, pamene panali kadzuwa. Anthu anaima molizungulira, akuyang'ana batire likuwotha dzuwa. A Vitorino anatuma madzi otentha, anatsuka mitu yake, anaigogoda ndi sipanala. Analipendeketsa uku ndi uku kuti, mwa mawu awo, mphamvu isakanikirane.

“Bambo a Ivone,” anatero a Hermínia motsitsa mawu, “landirani la a Shehe.”

“Iwe za magetsi unaziphunzira kuti?”

Rahimu anathamangira kwawo, anabwerako, anathamangiranso. Atabwera kachitatu, batire linali m'boneti ndipo kiyi anali atanenanso *tcha* wake uja.

“Kangotsala pang'ono, mphwanga. Wamva? Poyamba paja silimayankha chonchi.”

Rahimu anatembenuka n'kuthamangira kwawo. Njinga yamoto ya m'mudzimo inali itapita ndi nsomba ku Entre Lagos m'bandakucha. Anatenga njinga yake yakapalasa, anamasula dengu la nsomba, anayala bulangete pakaliyala. Anisa anamukhazika pamenepo, mchemwali wake Yunike atamugwira m'chiuno, ndipo anayamba kukankha. Anadutsa pafupi ndi chulu chija. Anisa anali ataweramira pachishalo, chitenje chitada kumbuyo. A Vitorino anauza boneti kuti akawapeza panjira.

Sanawapeze. Dzuwa litapendeka foni ya a Shehe inalira. Anamvetsera, anati *Innalillahi*, anaibweza m'thumba. Rahimu ndi Anisa anafika ku chipatala mochedwa. Mwana anamutulutsa wamoyo, wamkazi. Mayi ake magazi anali atatha.

Kwa Asilamu maliro sagonera, ndipo thupi linali ku vila.

A Vitorino anavula jekete. Anayenda okha mpaka ku mzikiti, ndipo anthu anawaona akubwerera atasenza batire la chimkuzamawu pamutu, popanda nkhata. Amuna anadula nthambi n'kuyala pansi pa matayala. Atapotokola kiyi, galimoto inalira nthawi yomweyo, mokweza, mopanda manyazi. Mawaya sanapse. Batire lakale analisiya pambali pa chulu, ndipo nkhuku inakwerapo.

Anabwerako dzuwa lisanalowe. Kumbuyo kunali Rahimu, atagwirizira mkeka wokulungidwa kuti usagubuduke m'mabampu. Kutsogolo kunali Yunike ndi kamwana m'nsalu. Manda anali atakumbidwa kale. Amayi anatenga thupi kukalisambitsa, amuna anakhala pansi pa mtengo wa mango kudikira jeneza, chithatha cha maliro.

Apa ndi pamene a Vitorino anaimirira, chipewa chili m'manja. Anakonza kukhosi. Anati iwo ndi munthu wodziwika, sanadyepo za mwini, ndipo pamaso pa a Shehe ndi anthu onse akufuna kubweza makumba onse amene analandira, kaya ndi nsomba kaya ndi mbuzi, anene yekha mwini wake.

Rahimu anali atakhala pa muzu, matope atauma m'miyendo. Sanadzuke.

“A Shehe, ine ndinalipira chiyani?”

“Ulendo umodzi wa pagalimoto,” anatero a Shehe.

“Wa anthu angati?”

“Awiri, unatero.”

“Ulendo ayenda. Anthu anyamula, n'kupitirira awiri. Mafuta ndi awo.” Anatembenukira kwa amuna aja. “Mwamva nonse? Asadzabwere munthu mawa kudzati a Vitorino ali ndi ngongole kwa Rahimu. Alibe. Ine kwa iwo ndilibenso. Tathana.”

“Koma mphwanga...”

“Tathana, patarawu. Mbuzi yanu sungani.”

“Tamva,” anatero amuna aja, mmodzi mmodzi.

A Vitorino anakhalabe chiimire, akuyang'ana uku ndi uku ngati pali wina woti awakakamize kulipira. Panalibe. A Shehe anawakhudza pamkono n'kuwapempha kuti, ngati galimoto yamaliza ntchito, abweze batire ku mzikiti, chifukwa nthawi yoitana anthu ku swala inali itayandikira.