Mbendera pa Gome la Mgonero

Bambo anga anali telala, ndipo tchimo lawo lonse linali kusoka mbendera. Nthawi imeneyo atsamunda anali asanachoke. Anyamata a chipani ankabwera ndi nsalu pakhonde la sitolo, bambo n'kuwasokera timbendera tonyamula pamisonkhano. Abusa atamva anakwera paguwa, thovu lili kukamwa: "Ndale n'za Satana! Olamulira anawaika ndi Mulungu!" Basi, bambo anawadula mgonero n'kuwakhazika pa benchi ya kumbuyo, ya anthu olakwa, pamodzi ndi zidakwa.

Wina akanangochisiya tchalitchicho. Koma bambo anga, mayo ine! Lamulungu lililonse jekete yosita bwino, n'kukakhala pabenchipo. Chikho chikamazungulira ankaweramitsa mutu. Chomwe ankafuna pansi pano chinali chimodzi: kumweranso chikhocho asanamwalire.

Ufulu utayandikira tinangoona abusa omwe aja atulukira pakhonde, chipewa kumanja, mano onse pamtunda.

"A telala, ntchito ikuyenda? Paja ndi Mulungu amene anatulutsa Aisraeli mu ukapolo. Lamulungu likubwerali tili ndi mapemphero othokoza, anduna atsopano adzakhalapo. Tikufuna mbendera yaikulu, yokuta gome lonse la mgonero."

Ine ndinali pambali kusokerera mabatani, ndinatsala pang'ono kulavula. Kodi Satana uja wabatizidwa liti?

"Nanga za mgonero wanga, abusa?" bambo anafunsa motsitsa mawu.

"Aa, zazing'ono izo! Mudzakhala kutsogolo. Woyamba kulandira mudzakhala inu."

Atachoka ndinati, "Bambo, chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere."

"Khala chete iwe, usanyoze wodzozedwa," anandikalipira, phazi lili kale pa makina. Mbenderayo anaisoka mosamala kuposa diresi la ukwati wanga.

Tsikulo magalimoto anadzaza pabwalo. Mabenchi a kutsogolo anakhalapo akuluakulu a chipani, ena oti chibatizidwireni sanapondemo m'tchalitchi, nyimbo akungotafuna milomo. Pakhomo mkulu wa mpingo anatitchinga ndi mkono.

"Kutsogolo n'kwa alendo."

"Chabwino, tikhala pamalo panga pomwe paja," anatero bambo.

"Pamenepo pali madalaivala a anduna. Bayimani panja."

Tinakaima pazenera, dzuwa likutiwotcha m'khosi. Gome lonse linali litakutidwa ndi mbendera ya bambo, chikho chili pamwamba pake. Abusa anatambasula manja: "Ine tsiku lino ndakhala ndikulipempherera usana ndi usiku!" Bodza lopanda ndi manyazi omwe, koma anthu m'manja phuphuphu. Chikho chinayambira kwa anduna, chinayenda mpaka chinafika pa benchi ya olakwa, madalaivala n'kupukuta pakamwa. Nditacheuka ndinapeza bambo atatambalitsa kale manja awo pazenerapo, akudikira.

Potuluka bambo anawathamangira abusa, amene ankaperekeza anduna ku galimoto.

"Abusa, paja munati..."

"Nkhani yanu akulu a mpingo sanaikambebe," anayankha osaima n'komwe. "Musaiwale kuti munasoka mbendera mpingo utaletsa. Pirirani."

Lamulungu lotsatira alendo kunalibe, benchi ya kumbuyo inali yopanda munthu. Bambo anasita jekete yawo n'kukakhalapo. Mbendera ija inali ikadali pagome.