Malaya Oyera a Kabatani

Kabatani anali atakwanitsa zaka zinayi, koma mawu ake ankachita kuwerengeka. Akafuna madzi ankaloza ndowa. Akafuna mayi ake ankangowakoka diresi. Dzinali anamupatsa ndi makasitomala, chifukwa mayi ake anali telala, ndipo kamwanako kankapezeka pansi pa makina osokera tsiku lonse ngati batani lotayika.

Namwino wa kusikelo anamuyeza makutu ndi lilime, n'kunena kuti palibe chovuta.

"Mwanayu akusowa anzake," anatero. "Pansi pa makina alankhula ndi ndani? Mupititseni komwe kuli ana anzake."

Malo anapezeka kuseri kwa holo ina yakale, komwe makolo anayambitsa okha bwalo la ana. Sinali sukulu ya mkombaphala wamba. Kunalibe madesiki, yunifolomu ngakhale zoloweza. Kunali mulu wa mchenga, matayala akale, mpopi ndi dzenje la matope lokumbidwa dala. Lamulo linali limodzi lokha: kholo lililonse lizibwera m'mawa umodzi pa sabata kudzathandiza mlezi wa anawo.

Tsiku loyamba telala uja anaima pageti, mtima uli m'mwamba. Makolo ena ankatsika m'magalimoto. Ena ankalankhula zinenero zimene anali asanazimvepo. Panali mayi wofunda mpango mpaka m'mapewa, panalinso bambo wa tsitsi lopota atabereka khanda. Onse ankaoneka kuti akudziwana kalekale.

"Awa si anzanga," anadziuza mumtima. "Koma mwana wanga yekha sadzamuseka."

Telala akachita mantha amathawira ku singano. Anamusokera Kabatani malaya oyera mbee, a kolala yowuma, n'kumawasita m'mawa uliwonse. Akafika pageti ankagwada, kumukonza kolala, n'kumunong'oneza.

"Usadetse malaya, wamva? Tisachite manyazi pamaso pa anthu."

Akatero ankatembenuka msangamsanga asanapatsidwe moni. Tsiku lake lothandiza likafika, chifukwa sichinkasowa: lero zovala za ukwati, sabata inayo mutu. Kabatani ankabwerako ali woyera monga anapitira, ndipo mayi ake ankanyadira. Koma mawu ochepa aja anayamba kuzilala. M'mawa mwanayo ankakakamira mwendo wa tebulo, misozi ili chuchuchu.

"Amayi a Kabatani, kumeneko sikukumuthandiza mwanayu," anatero mwamuna wake akumanga nsapato kupita kuntchito. "Timuchotse basi."

Mkaziyo anapitiriza kusita malaya aja. Kumuchotsa kunali kumubwezera pansi pa makina, ndipo zimenezi zinkamuopsa kuposa makolo aja.

Sabata yomweyo mlezi anamudikirira kunja kwa geti. Anali mayi wachikulire wosadziwa kuzungulira polankhula.

"Mayi, ndakhala ndikukusakani, koma mumasiya mwana n'kuthawa ngati mwaba," anatero. "Mukapanda kubwera mawa, malowa tipereka kwa mwana wina. Komanso pali chinthu chimene ndikufuna mudzaone ndi maso anu."

M'mawa mwake telala anavala diresi lake la kuukwati n'kupita. Mlezi anamupatsa ntchito yodzaza madzi m'mabeseni. Ana anathamangira kudzenje la matope, akukuwa ndi kulimbirana zitini. Zinenero zawo zinali zosiyana, koma ankamvana bwinobwino. Telala anayang'anayang'ana mwana wake pakati pawo, osamuona.

Anamupeza ataima pafupi ndi khoma, osalitsamira, manja ali kumbuyo. Maso ake anali pa anzake.

"Amaima pamenepo tsiku lililonse," anatero mlezi chapansipansi. "Tinayesa kumupatsa malaya akale, anakana."

Kamtsikana kena, kamodzi mwa mapasa amene ankasewera pabwalopo, kanapita kwa Kabatani katanyamula keke ya matope m'manja. Kanamutambasulira. Kabatani anatulutsa dzanja pang'ono, kenako anayang'ana mayi ake n'kulibweza.

"Ayi," anatero momveka bwino. "Amayi achita manyazi."

Chibadwire Kabatani anali asanalumikizepo mawu ochuluka chonchi. Mayi ake ankawadikira mawu amenewo ngati mvula, koma atabwera anamulasa mumtima. Anatula beseni pansi, anapita kuseri kwa holo n'kulira.

Amene anamutsatira anali mayi wa mapasa, yemwe uja wa mpango, amene ankabwera pa galimoto yaikulu. Telala ankamuyesa wonyada chifukwa sankalankhula kawirikawiri. Mayiyo anakhala pa njerwa pambali pake, n'kuyamba kulankhula pang'onopang'ono, akusakasaka mawu.

"Achemwali, ine kuno ndine mlendo. Chinenero chanu chimandivuta. Poyamba ndinkakhala m'galimoto, kuopa kuti mundiseka. Inuyo ndinkakuopani kwambiri."

"Ine?" Telala anadzutsa mutu.

"Inu. Mumavala bwino, mwana wanu woyera, moni osayankha. Ndinkati mayi awa akutiona ife auve."

Telala anaseka misozi idakali m'masaya. Anthu awiri akuluakulu, aliyense kuthawa mnzake, pamene wovutika anali mwana woima pakhoma.

Mlezi anawapeza pomwepo. Sanamukalipire telala, komanso sanamunyengerere.

"Mayi, mwana amaphunzira mawu polimbirana chitini ndi mnzake," anatero. "Akafuna fosholo ayenera kupempha. Akalandidwa ayenera kudandaula. Mukufuna alankhule? Walira mvula walira matope. Ndipo tsiku lothandiza lija sitinaliike chifukwa chosowa manja okha. Mwana amayang'ana nkhope ya kholo lake. Mukatiopa, nayenso aopa ana athu."

"Ndimati ndikumuteteza," anatero telala.

"Ndikudziwa. Mukanafunsa tikanakuuzani kuti kuno timabwera ndi zovala zakutha. Safunsa anadya phula."

Telala anapukuta kumaso n'kubwerera pabwalo. Kabatani anali pompaja. Kamtsikana kaja kanali katasiya keke yake pansi, pafupi ndi mapazi ake. Telala anavula nsapato, anagwada m'matope ndi diresi la kuukwati lija, anatola kekeyo n'kuyerekeza kuluma.

"Yakoma bwanji! Waphika ndani?"

Anapukutira manja padiresi lake mwadala, Kabatani akuona. Maso a mwanayo anatong'oka.

"Amayi, mwada!"

"Ndada, mwanangu, ndipo sindikuchita manyazi. Ndinakuuza zolakwika. Malaya timachapa. Pita kasewere."

Mwanayo sanathamange. Anayamba wagwira matope ndi chala chimodzi, n'kuyang'ana mayi ake. Ataona kuti akumwetulira, anaviika dzanja lonse. Pofika nthawi yoweruka, kolala yowuma ija inali itagonja, ndipo Kabatani ankakangana ndi mapasa za mwini chitini.

Madzulo bambo ake anaima pakhomo, akuyang'ana mayi ndi mwana.

"Kodi mwagwa m'ngalande?"

"Ababa, ndaphika keke!" anakuwa Kabatani.

Bamboyo anakhala pansi pomwepo. Za kumuchotsa mwana sanazitchulenso.

Kuyambira pamenepo telala sanajombenso tsiku lake. Si makolo onse amene anakhala anzake apamtima, ndipo ena mpaka lero amangopatsana moni basi. Koma ankakhala nawo pabenchi, ankafunsa chimene sanamvetse, ndipo iwonso ankamufunsa. Mayi wa mapasa anazolowera kudzacheza kuchipinda chosokera, akuphunzira mawu atsopano. Telala atapitanso naye Kabatani kusikelo, namwino anachita kumupempha kuti akhale chete pang'ono kuti amuyeze.

Makolo anzathu, mukapititsa mwana pakati pa anthu osiyana nanu, musamusiye pageti n'kuthawa. Lowani, perekani moni, funsani mmene zinthu zimayendera, ndipo gwirani nawo ntchito. Amene mukumuopayo mwina nayenso akukuopani. Mantha athu tisawaveke ana, chifukwa iwo amawasunga mokhulupirika kuposa malaya. Malaya akada amachapika, koma mwana woima yekha pakhoma amataya masiku amene sadzabweranso.