Ndime ya a Tcheya

A Manasseh Chirambo anali ndi masatifiketi asanu ndi awiri a utsogoleri wabwino, onse m'mafelemu pakhoma la pabalaza. Anawatenga kumaphunziro a mabungwe ku Mzuzu, kumene munthu amaphunzira kudzichepetsa uku akukukuta nkhuku. Ndiye anthu a ku Nchenachena akanasankhanso ndani kukhala wapampando wa komiti ya msewu?

Nzeru anali nazo, tisawanamizire. Mvula itakumba msewu wotsikira kuchipatala, iwo ndiwo anaganiza zougawa m'ndime, banja lililonse yakeyake, ndipo pa ndime iliyonse pazikidwe chikhomo cholembedwa dzina.

"Waulesi azionekera poyera," anatero pamsonkhano. "Ndipo mtsogoleri amayamba ndi iye mwini."

Anadzisankhira ndime yovuta kuposa zonse, ya pamatope pafupi ndi kamtsinje, anthu nawaombera m'manja. Anagula khasu latsopano, anajambulitsa nalo chithunzi, kenaka analiimika kuseri kwa chitseko kuti lipume.

Lachiwiri lililonse ankayendera ndime za anzawo atavala jekete, manja kumbuyo. Mayi Magdalene Mhango, amasiye okalamba ndithu, a Tcheya anawadzudzula pagulu chifukwa ngalande yawo inali yokhota. Mayiwo anangothokoza m'Chitumbuka kuti, "Yewo, a Tcheya," napitiriza kukumba. Ndime ya a Tcheya inkangodikira, poti mwini wake anatanganidwa ndi kutsogolera.

M'mwezi wa Febuluwale, mvula itagwa masiku atatu osakata, mwana wa a Tcheya, Luntha, yemwe anali woyembekezera, anayamba kudwala masiku asanakwane. Anamwino pafoni anati abwere naye msanga. Galimoto ya a Amock, yonyamula khofi, inawanyamula n'kutsetsereka bwinobwino. Inadutsa ndime ya kwa Gondwe, inadutsa ya Mayi Magdalene, pomwe madzi ankayenda mwaulemu m'ngalande yokhota ija. Itafika pakamtsinje inatitimira mateyala onse anayi.

A Manasseh anatsika akukalipa. "Pano ndi pa ndani? Munthu wake alibe ndi chisoni chomwe?"

A Amock anangopukuta matope pachikhomo ndi chipewa chawo. Penti wake anali wabwino, a Tcheya sagula zotchipa, ndipo dzina linaoneka bwino lomwe.

Luntha ankabuula m'galimoto. Bambo wake anachita manyazi, anachita mantha, ndipo m'masatifiketi onse aja munalibe ndi limodzi lomwe lonena chochita pamenepa. Anthu anatuluka m'minda akuthamanga. Palibe anaitanitsa msonkhano. Mayi Magdalene anamasula chitenje chawo, anauza abambo awiri kuti adule mitengo, machila n'kutheka pomwepo, ndipo eni ake anagwira kutsogolo.

"Tiyeni, mwana ndi wa tonse," anatero.

A Tcheya anatsogolera ulendowo ali kumbuyo kwenikweni, nsapato zili m'manja.

Kuchipatala anamwino ananena mosabisa kuti akanachedwa pang'ono pokha, akanataya mayi ndi khanda lomwe.

M'mawa mwake a Manasseh anali pa ndime yawo okhaokha, opanda jekete, opanda wojambula. Khasu linali likadali ndi kapepala ka kusitolo, ndipo matuza anali atatuluka kale m'manja. Mayi Magdalene podutsa anaima, nayang'ana ntchitoyo nthawi yaitali.

"Ngalande yanu yakhota chomene, a Tcheya."

Anatula khasu lawo paphewa, nayamba kukumba pambali pawo. A Manasseh sanadzutse mutu.

"Yewo, mama," anatero.