Lydia Adzutsa Maso

Edson anabwerako ku Joni ndi chikwama chimodzi ndi tabuleti yong'aluka pakona. Anafika kwawo ku Mitundu, koma Mitundu imene ankailota zaka zonsezo sanaipeze. Anapeza mashopu, njinga zamoto ndi anyamata osapereka moni. Malo ake anali kachipinda konunkha fodya kuseri kwa nyumba ya mlongo wake Everlyn, ndipo ankadya za alamu ake, a Isake.

Nkhani inali pa Lydia, mwana wa Everlyn, wa Sitandade 2, amene sankatha kuwerenga. A Isake anali atagamula kale kuti akalephera mayeso apita ku Nathenje kwa azakhali ake kukalera khanda. Edson ankadziwa kuti ana opita kukalera sabwereranso kusukulu.

"Ndine malume ake," anatero. "Ndisiyireni mpaka mayeso."

"Malume a pa foni," a Isake anaseka. "Yesani, alamu."

Mu tabuletimo munali pulogalamu yophunzitsa ana kuwerenga. Mayi wojambulidwa wamagalasi ankatchula zilembo kuti mwana abwereze. Koma inkaona ndi kamera, ndipo mwana akapanda kuiyang'ana phunziro linkaima.

Lydia atangomva mawu a munthu wamkulu anagwada, manja pamaondo, maso pansi.

"Yang'ana kuno, mnzanga!" anatero mayi uja.

"Ee," Lydia ananong'oneza dothi.

Phunziro linaima pa chilembo choyamba. Mawa lake linaimanso pomwepo.

"Iwe, si munthu ameneyu," anatero Edson. "Ndi galasi."

"Koma ndi aakulu, malume."

Everlyn, amene ankasankha nyemba pakhonde, anaika lichero pansi. "Achimwene, mwanayu ndinamulera ine. Mukufuna azitong'ola maso ngati kondakitala wa minibasi?"

"Ndikufuna awerenge."

Edson ankaidziwa bwino nkhaniyi. Ku Joni abwana ankamuyesa wakuba chifukwa choyang'ana pansi. Anaphunzira kuyang'ana m'maso, ndipo tsopano akuluakulu a kuno ankamuyesa wamwano. Komabe anamukhazika Lydia pampando, n'kumukweza chibwano ndi chala.

"Muyang'ane ngati wakubera chiwaya. Yankha ngati uli kutsidya kwa dambo."

Pang'onopang'ono zinatheka. Mayi wamagalasi anayamba kuwomba m'manja. Lydia anawerenga thumba la feteleza, kenako chitenje cha amayi ake, kenako chilichonse chokhala ndi zilembo.

Lamlungu a Isake anabwera ndi akulu a mpingo awiri. Anakhala pakhonde.

"Lydia! Madzi a alendo."

Lydia anatuluka. Sanagwade. Anaima chilili, n'kuwayang'ana bambo ake m'maso, n'kuyankha ndi mawu omveka mpaka kumsewu: "Madzi atha, bambo. Mudikire!"

Mkulu wina anatsokomola. Winayo anayamba kupukuta nsapato yoyera kale.

"Everlyn," anatero a Isake motsitsa mawu, "longedza zovala za mwanayu. Azakhali ake akamuphunzitsa maondo."

Edson anadzuka. "Alamu, mayeso sanafike. Mwanayu akuwerenga! Lydia, werenga kalendala iyo."

"Akawerengera khanda."

"Sindikulola. Mwana wa mlongo wanga sachoka pano ine ndili moyo."

Mawuwo anali oona. Kale malume akatero nkhani inkathera pomwepo, ndipo akulu a mpingowo anagwedeza mitu pang'ono. Koma malume akale ankakhala ndi munda wawo ndi nkhokwe yawo.

A Isake anamwetulira. "Ngati pakhomo pano pakuchepera, alamu, basi ya ku Joni imanyamukabe ku Lilongwe."

Onse pakhondepo ankadziwa kuti Edson anachita kuthamangitsidwa, ndipo pasipoti yake inali ndi chidindo chomuletsa kubwerera. Kwina kopita analibe. Anayang'ana mlongo wake, koma Everlyn anali atalowa kale m'nyumba.

Lydia anali adakali chiimire, chibwano m'mwamba, akuyang'ana malume ake m'maso kudikira kuti anenenso kanthu.

Edson anakhala pansi n'kuwerama.