Tsamba 47 la Buku Limene Kulibe

Panali chinthu chimodzi chimene Chete anali asanauzepo munthu, ngakhale mnzake wogona naye chipinda chimodzi ku koleji. Pulofesa amene anamutchula m'nkhani yake yoyamba kunalibe. Sanabadwe, sanalembe buku, sanaphunzitsepo paliponse. Chete anamuumba yekha Lachitatu lina masana, atakhala pa tebulo la pakona mu laibulale, ndipo kuyambira tsikulo mkamwa mwake munkamveka ngati wamwa madzi a sopo.

Dzina loti Chete anam'patsa ndi anzake, chifukwa m'kalasi sankakweza dzanja ngakhale yankho akulidziwa. Anali m'chaka choyamba cha maphunziro a zaumoyo, ndipo onse a m'chakachi ankayenera kudutsa m'manja mwa mphunzitsi wa kalembedwe, bambo wamtali amene ophunzira ankamutcha a Mpatuliro. Ankachotsa malikisi awiri pa mpatuliro uliwonse woikidwa pamalo olakwika. Tsiku loyamba anagawa kabuku kachikasu ka malamulo. Ganizo lililonse limene si lako, utchule mwini wake: dzina, chaka, tsamba. Mutu wa buku ulembedwe m'zilembo zopendekera. Pa tsamba lomaliza panali lamulo la zilembo zonenepa: wopeka buku limene kulibe adzachotsedwa pa koleji.

"Kuno sitifuna za ndinamva ndinamva," anatero a Mpatuliro. "Nzeru yopanda dzina ndi mwana wotola."

Nkhani imene anawapatsa inali yofotokoza momwe munthu angadziwire ngati odwala akusamalidwa bwino. Chete anawerenga mabuku anayi, onse odzaza ndi mawu aatali, koma ganizo lokhalo limene linali ndi nyama linachokera kunyumba. Amayi ake ankachapa nsalu za pachipatala china, zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi tsopano. Tsiku lina akupinda zovala anati: "Ukafuna kudziwa wodi imene ikusamala odwala, usafunse anamwino, funsa nsalu. Ikabwera ili yonyowa, ndiye kuti wina anaiona msanga n'kuichotsa. Ikabwera itauma gwa, zoipa zitakakamira, dziwa kuti munthu anagonapo tsiku lonse osatembenuzidwa."

Kabuku kachikasu kanali ndi njira yake. Pa tsamba 12 kankanena momwe ungatchulire mawu amene munthu wakuuza pakamwa: dzina lake, ntchito yake, tsiku limene munacheza. Chete anayamba kulemba. Atafika pa mawu oti "wochapa nsalu", anawayang'ana nthawi yaitali. Anzake onse ankadziwa kuti amayi ake "amagwira ntchito kuchipatala", ndipo atayamba kuganiza kuti ndi namwino, iye sanawakonze. Anafufuta mzerewo. Dzina la pulofesa analitenga pa kachitsulo kokhomedwa pa fani yakale yokupiza mphepo imene inkalira pamwamba pa mutu wake. Chaka anaika chimene iye anabadwa. Tsamba anaika 47, nambala ya pa chitseko cha nyumba yawo. Mipatuliro yonse inakhala m'malo mwake.

Patapita masabata awiri a Mpatuliro analowa m'kalasi atanyamula mapepala, nkhani ya Chete ili pamwamba. Anawerenga ndime ija mokweza, pang'onopang'ono, ngati akunyambita uchi.

"Mwamva? Funsa nsalu. Uku ndiye kufufuza. Ndipo taonani katchulidwe kake, palibe pogwira." Anavula magalasi n'kuyang'ana kudenga. "Buku limeneli ndinaliwerenga ndili msinkhu wanu. Lovuta, koma lokoma. Mwana uyu wandikumbutsa kale."

Chete anayang'ana pansi. Pafupi ndi nsapato yake panali chingamu chotafunidwa chimene wina anamata pa mwendo wa desiki, chakuda ndi fumbi. Anachiyang'anitsitsa mpaka belu linalira, kuti asayang'ane nkhope ya bamboyo. Anali atakonzeka kugwidwa. Sanakonzeke kumva munthu wa imvi akukumbukira buku limene linabadwa pa fani.

Zitatero pulofesa uja anayamba kuyenda yekha. A Mpatuliro anamuika pa mndandanda wa mabuku ofunika kuwerenga. Mnzake wa m'chipinda, mtsikana wolongolola amene onse ankamutcha Wailesi, anamutchula kawiri m'nkhani yake yotsatira.

"Iwe, bukulo unaliona kuti?" Chete anafunsa.

"Aa, nanga kuliona n'kofunika? Ndangoika tsamba 112. Buku la pulofesa silingathere pa 47, mwana iwe." Wailesi anaseka akupenta zikhadabo. "Bola mpatuliro uli pamalo pake. A bambo aja amawerenga timadontho, sawerenga anthu. Ndiye iwe usamaumire, tigawireko ma pulofesa ako ena."

Mu laibulale, mayi woyang'anira mabuku, wa miyendo yotupa, anali atakwera makwerero katatu konse kufunafuna bukulo. Chete anamuona akutsika, fumbi lili m'tsitsi, akupukuta manja pa siketi.

"Mwanawe, si iwe unalitchula buku lija? Unalitenga pa shelufu iti? Aphunzitsi anu andinena kuti ndimataya mabuku. Akuti analionapo muno ndi maso awo."

"Ndinabwereka kwa munthu," Chete anayankha, n'kutuluka msangamsanga ngati wapsa.

Loweruka anapita kunyumba. Anapeza amayi ake atakhala pa mpando wa pakhonde, manja ataviika m'beseni la madzi ofunda. Mankhwala oyeretsera nsalu anali atawang'amba zala mpaka m'mizere yake munkaoneka mofiira. Nkhani ya malikisi inali itafika kale kudzera mwa mlongo wake, choncho sakanaibisa.

"Tandiwerengera pamene aphunzitsi anakonda paja," anatero amayi. "Undimasulire bwinobwino, usandidumphitse."

Chete anawerenga, akumasulira mzere ndi mzere, ndipo atafika pa dzina la pulofesa analitchula motsitsa mawu. Amayi anatulutsa manja m'madzi.

"Ee, bambo ameneyu ndi wanzeru. Akuganiza ngati ine ndendende." Anaseka mpaka kutsokomola. "Kodi nayenso anachapako? Ndiye ine ndikamanena, kuntchito amati ndimalankhula zambiri. Ukabwere nalo bukulo kuno, ndikawaonetse akuluakulu aja kuti ngakhale ophunzira akutero. Mwina akamva kuti wanena ndi pulofesa, agogo a mu wodi ya kumapeto ija aziwatembenuza."

Chete anapita kukataya madzi a m'beseni kuseri kwa nyumba, ndipo anakhalako nthawi yaitali kuposa imene kutaya madzi kumafuna. Sanalire. Anangomva kunyansidwa, ngati wavala chovala chamkati cha munthu wina. Anali atatenga chinthu chokhacho chimene amayi ake anatola m'zaka zonse za fungo ndi nthunzi, n'kuchipereka kwa munthu wa pa fani. Ndipo amayiwo anali kumuthokoza munthuyo.

Lolemba a Mpatuliro anamuitanitsa ku ofesi. Chinali chipinda chopapatiza, chonunkha mapepala onyowa ndi makoko a nthochi amene anaiwalika m'bini. Pa tebulo panali kapu ya tiyi wa dzana, pamwamba pake patachita kakhungu, ntchentche itafera m'mbali. Timabuku tachikasu tinali mulu pakona.

"Khala, mwana wanga, khala. Usaope, si mlandu." Anasuntha kapuyo ndi chigongono. "Ndikulemba pepala loti ndikawerenge pa msonkhano wa aphunzitsi mwezi wamawa, ndipo ndikufuna kutsegula ndi mawu aja a nsalu. Tsoka lake, buku langa ndinabwereketsa munthu zaka zapitazo, sanabweze. Anthu ndi otero. Ndiye ungonditengera fotokope ya tsamba 47, ndi chikuto chomwe. Ndikufuna kuona ngati ndi kusindikiza koyamba kapena kwachiwiri. Langa linali lachikuto chobiriwira."

Chete anayang'ana ntchentche ija. Njira yothawira inalipo, ndipo anaiona bwinobwino: akanati mwini buku anasamuka, kapena foni yake inatayika. Bamboyo sakanaumiriza. Akanalemba dzinalo, chaka, tsamba, mipatuliro yonse m'malo mwake, n'kukaimirira pamaso pa anzake, ndipo mwina m'modzi mwa iwo akanagwedeza mutu n'kunena kuti nayenso analiwerenga. Iye akanamaliza koleji. Amayi akanadikira buku mpaka kuiwala.

Anakumbukira lamulo la zilembo zonenepa. Anakumbukira tsiku limene kalata yomuitana ku koleji inafika, amayi akuigwira ndi nsonga za zala kuti asainyowetse.

"Wamva, mwana wanga? Lachinayi lingatheke?"

Chete anatambasula dzanja n'kutenga kabuku kamodzi pa mulu uja. Anatsegula pa tsamba 12, n'kukaika patsogolo pa bamboyo, chala chili pa mzere wa dzina, ntchito ndi tsiku. Mawu ake anatuluka aang'ono, koma sanaduke.

"Aphunzitsi, bukulo kulibe. Lobiriwira kulibe, la mtundu wina kulibenso. Dzina lija ndinalitenga pa fani ya mu laibulale. Mawu aja ndi a amayi anga. Amachapa nsalu za odwala."