Inki ya Pamichira

Kalata yondichotsa ntchito anandipatsa Lachitatu m'mawa, ndisanavule n'komwe nsapato zoyendera panja. Dokotala anaiika patebulo lachitsulo pamene timayezera makoswe, n'kuikankha ndi chala chimodzi ngati ili ndi matenda.

"Lachisanu ndi tsiku lanu lomaliza, mayi."

"Ndalakwanji, adokotala?"

"Lowani mukaone nokha."

Zaka zisanu ndi zinayi ndakhala ndikusamala makoswe m'chipinda chimenecho, mpaka pa labu ponse amanditcha Mayi a Makoswe. Si makoswe a kudenga ayi. Ndi oyera, a maso ofiira, obadwira m'timakola tapulasitiki. Kafukufuku wa ulendo uno anali wa nyamakazi ya m'mawondo. Makoswe makumi awiri anawachita opaleshoni bondo lakumanja kuti liyambe kuperepeseka ngati la munthu wokalamba. Khumi ankathamanga pa lamba wa makina woyenda yekha pansi pa mapazi awo, mphindi makumi atatu tsiku lililonse. Khumi enawo tinkawaika pa lamba yemweyo koma osamuyatsa, azingokhala. Pakutha pa masabata khumi ndi awiri, Dokotala ankayenera kutsegula mawondowo kuti aone ngati a othamanga ali bwinoko kuposa a okhala. Tinali m'sabata lakhumi.

Makoswe oyera amafanana kwa munthu wowaona patali. N'chifukwa chake khola lililonse limakhala ndi khadi, ndipo khoswe aliyense timamulemba nambala pamchira. Koma khoswe amadzinyambita tsiku lonse, inki imazimiririka, ndiye Lolemba lililonse ndimabwerezamo.

Lolemba limenelo sindinabwere. Bondo la mayi anga linatupa mpaka sankatha kufika kubafa, ndipo ndinawaperekeza kuchipatala. Tinakhala pamzere tsiku lonse, n'kutiuza kuti tibwerenso Lachiwiri kudzajambulitsa. Chilolezo cha masiku onse awiri ndinapempha, ndipo Dokotala anandipatsa.

Nditalowa Lachitatulo ndinapeza chipinda chikunyezimira. Makola otsukidwa bwino, utuchi watsopano, makadi onse ataikidwa mulu umodzi pawindo, omangidwa ndi kalabala. Ndinatsegula khola loyamba n'kukweza mchira. Woyera mbee. Khola lachiwiri, chimodzimodzi. Michira makumi awiri yopanda ngakhale kadontho.

Pakona panaima Katayi. Ameneyu ndi wophunzira wa Dokotala, bambo wandevu zake amene akuchita digiri yachiwiri, ndipo dzinali tinamupatsa chifukwa amamanga tayi mkati mwa chovala cha mu labu, ngakhale tsiku lokolopa.

"Mwawatani ana angawa?" ndinamufunsa.

"Dzulo kunali alendo, aja amathandiza kafukufukuyu. Chipinda chimanunkha. Ndinayenera kutsuka."

"Munatsuka bwanji?"

"Ngati mmene amatsukira."

"Ndikufunsa kuti makoswe munawaika kuti pamene mumatsuka."

Anayang'ana beseni lalikulu labuluu limene timanyikamo mabotolo a madzi.

Iii! Khola timasintha limodzilimodzi. Umatenga loyera, kusamutsa khoswe, khadi n'kutsatira pomwepo, kenako lina. Ndinamuonetsa kawiri konse ndi manja angawa. Iye anaona kuti n'kuchedwa. Anachotsa makadi onse, n'kukhuthulira makoswe makumi awiri m'beseni limodzi ngati mbatata, poganiza kuti awazindikira ndi manambala a pamichira. Atakwerana ndi kunyowetsana m'menemo kwa ola lathunthu, kainki kotsalako kanathera pomwepo.

"Ndiye wolakwa ndine?" ndinatembenukira kwa Dokotala, amene anali ataima pakhomo.

"Kulemba michira ndi ntchito yanu. Mukanalemba Lolemba, zonsezi sizikanachitika."

"Lolemba ndinali kuchipatala, munasaina ndinu. Komanso mwezi wathunthu ndakhala ndikukuuzani kuti zolembera zimene anatigulira ndi za pa bolodi, zofufuta ndi chala. Munati chiyani? Munati cholembera ndi cholembera."

"Mayi, musakweze mawu."

"Ndikweza. Iye wathira makoswe m'beseni, kalata mukupatsa ine?"

Dokotala anavula magalasi n'kuwapukuta ndi chovala. Anati masabata khumi apita m'madzi. Anati makoswe amenewa alibenso ntchito, awapha Lachisanu, aitanitse ena makumi awiri, awacheke mawondo, tiyambirenso. Anati akuluakulu akufuna kudziwa amene wachititsa, ndipo Katayi ali ndi mayeso oti amalize chaka chino.

Ndinamva bwinobwino. Wa mayeso ali ndi tsogolo, wokolopa ndiye wosavuta kumutaya. Anzanga a m'khichini anandiuzanso kuti dzulo lake Dokotala anaima pamaso pa alendo, dzanja pachifuwa, kunena kuti ntchitoyi ndi yothandiza amayi athu okalamba amene akuvutika ndi mawondo. Amayi athu! Ine ndapita ndi mayi anga enieni, a bondo lenileni, ndiye ndichotsedwe ntchito.

"Ndikhoza kuwasiyanitsa," ndinatero.

Katayi anatulutsa kaphokoso m'mphuno. "Ndi chiyani, ndi maloto?"

"Achimwene, inu khalani chete, fungo la beseni lisanakuchokeni m'manja."

"Mayi," anatero Dokotala, "kafukufuku sayendera zoti ndikuwadziwa. Pamafunika umboni."

"Umboniwo muupeza nokha. Ine ndiwagawa pawiri, mulembe papepala, mulipinde. Kenako nditulukemo. Inu muwaike pa lamba mmodzimmodzi, muyatse, mulembe zimene muone. Mapepala awiriwo akasiyana ngakhale pa khoswe mmodzi, sindidikira Lachisanu. Ndinyamuka lero."

Dokotala anavomera ndi mutu. Sikuti anandimvera chisoni. Ankawerengera masabata khumi aja.

Anatenga tepi n'kumata zilembo pa makola, A mpaka T, kuti pakhale potchulira. Ine ndinavala magolovesi n'kuyamba.

Woyamba kumugwira anali Bwanamkubwa, wa khutu long'ambika, amene amaluma botolo m'malo moyamwa. Wothamanga, nambala 3. Kenako Mkamwini, wonenepa m'chiuno, amene amagona chagada chakudya chili m'kamwa. Wokhala, nambala 14. Kamchira ali ndi mchira wopindika kunsonga. Sisitala amakana kugwiridwa ndi munthu wamwamuna. Ena alibe chizindikiro chooneka, koma dzanja limadziwa. Wothamanga ukamugwira ntchafu imakhala yolimba ngati chingwe, ndipo ukamuika pansi amaponda ndi mwendo wodwalawo. Wokhala amakhala wofewa, ndipo ambiri mwa iwo amaukoka pang'ono mwendowo akamatembenuka.

Awiri anandivuta, sindinama. Ndinawaika patebulo n'kugogoda kawiri ndi chikhadabo, monga ndimachitira ndisanayatse makina. Mmodzi anadzutsa mutu n'kuyang'ana kutsogolo. Winayo anapitiriza kutsuka ndevu zake.

"Uyu wothamanga, uyo wokhala. Lembani."

Dokotala analemba, n'kupinda pepalalo, kuliika m'thumba la malaya.

Ndinatuluka kukakhala pa masitepe a kuseri, pafupi ndi migolo ya utuchi. Mawondo anga omwe ankalira, pakuti zaka zisanu ndi zinayi ndakhala ndikunjuta pa makola a m'munsi, ndipo kampando ndinapempha mpaka ndinatopa. Foni inalira. Anali mayi.

"Wafika bwino, mwana wanga? Nanga mawu akumveka choncho bwanji?"

"Palibe, amayi. Mwayenda?"

"Ndiyende n'chiyani? Adokotala aja ndi ana. Munthu bondo likupweteka, akuti muziyenda pang'onopang'ono tsiku lililonse. Mlamu wako akuti ndizingokhala."

"Mlamu wanga anaphunzira kuti za mawondo? Tengani ndodo, mufike pageti, mubwerere."

"Iwe ndiye wayamba kunditenga ngati makoswe ako aja."

"Makoswe anga sayankha, amayi."

Anaseka, n'kudula. Sindinawauze za kalata. Ndani amagula mankhwala awo? Ndani amalipira nyumba? Ndinakhala pamenepo ndikumva makina akulira kuseri kwa khoma, kuima, kuliranso. Ndinkadziwa zimene zikuchitika mkatimo. Khoswe wozolowera kuthamanga, lamba akangogwedezeka, amalunjika kutsogolo n'kuyamba, mchira uli m'mwamba. Koma amene kwa masabata khumi wakhala akuikidwa pa lamba wosayenda amadziwa kuti pamenepo ndi pogona. Ukayatsa amadzidzimuka, amatengedwa mpaka kumbuyo, amakakamira m'mbali, maso ali tong'o.

Patatha ola ndi theka Katayi anasuzumira pakhomo. Tayi anali ataimasula.

"Akukuitanani."

Mapepala awiri anali patebulo, moyandikana. Dokotala ankatsitsa cholembera mzere ndi mzere, ngakhale zinkaoneka kuti wachita kale kangapo. Pambali panali buku la sikelo lotsegula, mmene timalemba kulemera kwa khoswe aliyense sabata ndi sabata. Anali atawayezanso onse, kufananitsa ndi manambala amene ndinatchula.

"Makumi awiri onse akugwirizana," anatero osandiyang'ana.

"Ndamva."

"N'zochititsa chidwi." Anatembenukira kwa Katayi. "Izi tizilembe bwino mu lipoti. Tinene kuti zizindikiro zitatayika, tinapeza njira yotsimikizira magulu poona mmene nyama zikuchitira pa makina."

"Tinapeza?" ndinafunsa. "Inu ndi ndani?"

"Ndi kalembedwe chabe, mayi."

"Nanga zizindikirozo zinatayika zokha? Zinamera miyendo? Kalata yanga ija munalembamo dzina langa lonse, ndi la bambo anga lomwe. Pamenepo kalembedwe kanali kena?"

Ndinakoka buku lalikulu la zochitika za tsiku ndi tsiku, limene akuluakulu amawerenga kumapeto kwa mwezi, n'kulitsegula pa Lachiwiri. Tsambalo linali ndi mawu awiri okha m'dzanja la Katayi: makola atsukidwa.

"Malizitsani, achimwene. Lembani za beseni."

Katayi anayang'ana Dokotala. Dokotala anayang'ana makoswe, kenako koloko. Panali masabata awiri otsala, ndipo ankadziwa kuti palibe wina pa labu ponse amene Sisitala angalole kuti amunyamule popanda nkhondo.

"Lemba," anatero.

Analemba. Ndinaima pambali pake mpaka anasaina, ndipo pamene anafuna kulemba kuti makoswe anasakanikirana, ndinamuuza kuti makoswe sasakanikirana okha, alembe kuti ndinawasakaniza. Khutu lake linachita kufiira ngati maso a Bwanamkubwa.

"Kalata ija iwalani," anatero Dokotala akutuluka.

"Sindiiwala. Koma ndibwera Lolemba. Ndipeze zolembera zenizeni, zosafufutika. Ndi kampando."

"Kampando kachiyaninso?"

"Ka mawondo anga, adokotala. Kapena mukufuna mudzawatsegule nawonso?"

Pepani sananene, ndipo mpaka lero sananenepo. Zolembera zinabwera madzulo omwewo, bokosi lathunthu, kusonyeza kuti zinalipo penapake nthawi yonseyi. Kampando kanabwera patatha masabata atatu, kokhala ndi mwendo umodzi waufupi.

Tsiku limenelo atachoka onse ndinalemba michira makumi awiri, ndikubwereza kawirikawiri nambala iliyonse, n'kubwezera khadi lililonse pa khola lake. Kalata ija inali ikadali patebulo lachitsulo. Makoswe amakonda mapepala, amamangira zisa. Ndinaing'amba tizidutswa n'kuthira m'khola la Mkamwini. Anainunkhiza, anakokera pakona chidutswa chokhala ndi siginecha ya Dokotala, n'kugonapo.