Kuwerenga Mpaka Khumi

Ine pakamwa panga sipapuma, funsani amene ndimawaluka tsitsi. Munthu amalowa mu saluni mwanga ndi mutu wokha, potuluka wasenza nkhani za mlungu wonse. Ndiye taonani, ine yemweyo n'kubereka mwana wa otizimu, vuto lija lopangitsa mwana kuvutika kuyankhula ndi kucheza ndi ena, Kachete wathu, amene pofika zaka zisanu ndi chimodzi mawu ake unkatha kuwawerenga ndi zala. Chimene ndinkalakalaka chinali chimodzi basi, kuti tsiku lina andiuze yekha zimene akufuna, ndisiye kulosera.

Lachitatu lililonse tinkapita naye kwa mlangizi wothandiza ana kuyankhula, mayi wofatsa, m'kachipinda ka kapeti ndi bokosi la zidole. Tsiku lina anafunsa mwanayo ngati akufuna mpira wofiira kapena wobiriwira. Ine ndinayankha kuti wofiira. Atamufunsa ngati ali ndi ludzu, bambo ake akuti wamwa kale. Mayi uja anaika cholembera pansi n'kutiuza mwaulemu kuti mwanayu omuyankhulira amuchulukira. Anati mawu ake amabwera ndithu, koma pang'onopang'ono, ndipo akamafika ife timakhala titayankha kale. Anatipatsa ntchito yakuti tikamufunsa kanthu tizitseka pakamwa, n'kuwerenga chamumtima mpaka khumi.

Khumi! Ine pa zitatu lilime layamba kale kuyabwa. Kunyumba ine ndi bambo ake tinkapondana zala kunsi kwa tebulo. Apongozi anga anati n'zachibwana, koma tsiku lina ndinawapezerera akugwedeza milomo, nawonso akuwerenga.

Milungu itatu inadutsa, zii. Kenako Lachitatu lina mlangizi anayamikira timizere tam'mutu mwa Kachete, timene ndinkamuluka Loweruka lililonse iye akulira, ine n'kumati ana onse amatero. Anamufunsa ngati amalikonda tsitsi lakelo. Yankho linali kale pamlomo panga, koma ndinaluma lilime. Zisanu. Zisanu ndi zitatu. Khumi inakwana, mlangizi n'kundikwezera chala kuti ndidikirebe. Pa khumi ndi zinayi, Kachete, maso ali pa mpira, anatsegula pakamwa.

"Zimawawa. Chotsani, amama."

Abale inu, ndinalira ndi kuseka nthawi imodzi. Manyazi anandigwira, sindikana, zaka zonsezi ndikumupweteka mwana ndi manja angawa. Koma chimwemwe ndiye chinasefukira. Ndinkafuna kukuwa, n'kukumbukira kuti phokoso limamuzunguza, choncho ndinakuwira m'chikwama changa. Bambo ake, munthu wamkulu ndi ndevu zake, ankangobwereza kuti wamva, wamva, ngati ine ndinalibe makutu.

Titangofika kunyumba ndinamasula mzere uliwonse, n'kumumeta ndi sizasi poti makina amamusokosera. Anakhala phee mpaka kumaliza, akudzisisita m'mutu.

Masiku ano makasitomala amandiseka kuti mwana wa woluka tsitsi akuyenda bwanji ndi mutu wometa. Ine ndimawasiya athe kuseka, kudikira ndinaphunzira. Kenako ndimawauza kuti ameneyo ndi kasitomala wanga wamkulu, ndipo sitayilo imeneyo anaitanitsa yekha, ndi pakamwa pake.